Lewis Mataka Bandawe

Lewis Mataka Bandawe (wobadwa cha mu 1887) anali mphunzitsi, mlaliki, womasulira mabuku, wogwira ntchito m'boma komanso mtsogoleri wa Alomwe m'dziko la Nyasaland, lomwe lero ndi Malawi. Anabadwira ku Mozambique, m'dera la Alomwe, ndipo anafika ku Blantyre ali mnyamata. Amakumbukiridwa pa zinthu zitatu. Choyamba, anagwira ntchito yaikulu yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, chomwe chinasindikizidwa mu 1930. Chachiwiri, mu 1943 anayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Representative Association, lomwe linakakamiza boma la atsamunda kusiya kutchula Alomwe ndi dzina lachipongwe lakuti Anguru. Chachitatu, anasiya buku la mbiri ya moyo wake lotchedwa Memoirs of a Malawian, lomwe linatuluka ku Blantyre mu 1971.

Moyo wake unayendera limodzi ndi msamuko waukulu wa Alomwe, amene anachoka ku Mozambique kudzakhala m'maboma a Mulanje, Thyolo, Chiradzulu, Zomba ndi Blantyre. Pa chifukwa chimenechi olemba mbiri amagwiritsa ntchito buku lake ngati umboni wa munthu amene anaona yekha msamukowo ali mbali zonse ziwiri za malire.

Kwawo ndi ubwana wake

Dziko la makolo la Alomwe lili kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Zambézia. Phiri la Namuli ndilo limene Alomwe ambiri amalitchula kuti ndi kumene mtundu wawo unachokera. Chiyankhulo chawo n'chachibale ndi Chimakua. Alomwe sanali pansi pa mfumu imodzi yaikulu. Anali magulu osiyanasiyana monga Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola ndi Amarenje, gulu lililonse ndi kayankhulidwe kake ndi mafumu ake. Monga Amang'anja ndi Ayao, iwo amatsata mtundu wa kuchikazi ndipo ukwati wawo ndi wa chikamwini.

Bandawe anabadwa malire a Malawi ndi Mozambique asanalembedwe. Malirewo anadza ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu June 1891, iye ali mwana wamng'ono. Panganoli linaika mbali yaikulu ya dziko la Alomwe m'manja mwa Apwitikizi, pomwe mapiri a Shire anakhala m'manja mwa Angerezi. Kwa anthu a m'midzi, mzerewu poyamba unalibe tanthauzo lenileni, popeza anali atazolowera kuyenda pakati pa madera awiriwa pochita malonda, pokwatira ndi pothawa nkhondo. Tanthauzo lake linayamba kuoneka m'zaka zotsatira, pamene maboma awiriwa anayamba kutolera msonkho ndi kufuna antchito.

Ku Mishoni ya Blantyre

Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa ndi mpingo wa Church of Scotland mu October 1876. Mtsogoleri wake kuyambira 1881 anali David Clement Scott, amene anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, nalemba dikishonale ya Chimang'anja yomwe inatuluka mu 1892. Scott ankakhulupirira kuti mpingo wa mu Africa uyenera kutsogoleredwa ndi eni ake, motero anasankha anyamata asanu ndi awiri kuti akhale madikoni. Mmodzi mwa iwo anali John Gray Kufa, wochokera kunsi kwa mtsinje wa Zambezi, amene anaphunziranso ntchito ya chipatala.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mishoni inatuma Kufa kukayamba ntchito pakati pa Alomwe kutsidya kwa malire. Ntchito imeneyi siinakhalitse, chifukwa Apwitikizi anali akulanda deralo ndi asilikali. Komabe inatsegula njira yoti ana ena a kumeneko apite kusukulu, ndipo Bandawe anafika ku Blantyre mu 1899. Nthawiyo n'kuti Scott atachoka, ndipo mishoni inali m'manja mwa Alexander Hetherwick, amene anaitsogolera kuyambira 1898 mpaka 1928.

Pa mishoni pankamveka Chimang'anja, Chiyao ndi Chingerezi. Chilomwe sichinali chiyankhulo cha sukulu kapena cha tchalitchi. Mwana wochokera ku Ulomwe ankayenera kuphunzira ziyankhulo zatsopano asanayambe kumva bwino zimene aphunzitsi ankanena. Bandawe anazidziwa ziyankhulozi koma osataya chake, ndipo luso limeneli ndilo linamudyetsa moyo wake wonse. Anaphunzira, nabatizidwa, kenako nakhala mphunzitsi wa mishoni. Monga mwa chizolowezi cha pa Blantyre, pomwe amuna ankalemekezedwa ndi mawu a Chiyao akuti Che, ambiri ankamutchula kuti Che Lewis.

Anali wa m'badwo wa anthu ophunzira oyamba a pa Blantyre. Ena mwa akuluakulu ake pa mishoniyi anali Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Mu 1909 mishoni inatsegula sukulu ya Henry Henderson Institute yophunzitsa aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri. Tauni ya Blantyre nayo inali kukula: njanji inafika mu 1908, ndipo Limbe inayamba kumangidwa pafupi ndi siteshoni ya sitima ndi fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco Company.

Zaka za ku Mihecani

Mu 1913 Mishoni ya Blantyre inayesanso kulowa m'dziko la Alomwe, ndipo inatsegula malo atsopano pa Mihecani, m'dera la Alto Molócuè ku Mozambique. Bandawe anali m'gulu la amene anatumidwa kumeneko. Kunali kubwerera kwa anthu a mtundu wake patapita zaka 14, koma anabwerera ali munthu wina: Mkhristu, wodziwa kulemba ndi kuwerenga, wovala ndi kuyankhula ngati wa pa mishoni. Anakhala ku Mihecani zaka 15, akuphunzitsa, kulalikira ndi kuyang'anira masukulu a m'midzi. Pa nthawi zimene amishoni a ku Scotland kunalibe, udindo woyendetsa malowa unkagwera iye.

Zaka zimenezi zinali zovuta. Mu 1914 kunabuka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo amishoni angapo anaitanidwa kukathandiza ku nkhondo. Pa 23 January 1915 anthu otsatira John Chilembwe anaukira atsamunda ku Nyasaland. Ambiri mwa amene ankapemphera ndi Chilembwe ku Providence Industrial Mission, pa Mbombwe ku Chiradzulu, anali Alomwe ogwira ntchito pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene bwana wake William Jervis Livingstone anaphedwa usiku womwewo. Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, ndipo boma linanyonga kapena kuwombera anthu ambiri. Mmodzi mwa ophedwawo anali John Gray Kufa, munthu amene ntchito yake inatsegulira Bandawe njira ya ku sukulu. Zitachitika izi, atsamunda ambiri anayamba kukayikira munthu wakuda aliyense wophunzira, makamaka wa pa Mishoni ya Blantyre, ndiponso anayamba kuona Alomwe ngati anthu oopsa.

Nkhondo yeniyeni inafika ku Ulomwe mu 1918. Asilikali a Germany otsogoleredwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, amene analowa m'Mozambique mu November 1917, anadutsa pa Alto Molócuè mu June 1918, ndipo kumapeto kwa August anamenyana ndi asilikali a King's African Rifles pa Lioma. Magulu onse a nkhondo ankalanda chakudya m'midzi ndi kugwira amuna kuti akhale atengatenga. Nkhondo itangotha kunagwa mliri wa chimfine umene unapha anthu ambiri. Mpingo wa pa Mihecani unapirira zonsezi, ndipo mipingo ina ya Chiprotestanti ya m'chigawo cha Zambézia mpaka lero imawerenga chiyambi chake kuchokera pa malo amenewa.

Chipangano Chatsopano m'Chilomwe

Ntchito yaikulu imene Bandawe anaigwira ku Mihecani inali yomasulira Malemba. Chinyanja chinali kale ndi mabuku: Baibulo lathunthu, Buku Lopatulika, linamalizidwa mu 1922. Chiyao nacho chinali ndi Chipangano Chatsopano. Chilomwe chinali chisanazolowereke kulembedwa, choncho womasulira ankayenera kuyamba wasankha kalembedwe ka mawu, kusankha kayankhulidwe ka gulu liti kuti katsogole pakati pa magulu ambiri aja, ndi kufunafuna mawu a zinthu monga chikhululukiro, pangano ndi chisomo m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku cha anthu a m'midzi.

Bandawe anagwira ntchitoyi mothandizana ndi amishoni a ku Scotland, iye ndiye mwini chiyankhulo. Chipangano Chatsopano cha Chilomwe chinasindikizidwa mu 1930. Kufunika kwa bukuli sikunathere m'tchalitchi mokha. Linali buku lalikulu loyamba kusonyeza kuti Chilomwe chingalembedwe ndi kuwerengedwa monga ziyankhulo zina, pa nthawi imene anthu ambiri ku Nyasaland ankachiseka. Linasunganso mawu ndi kayankhulidwe ka Alomwe a m'zaka za m'ma 1920, zomwe zidzukulu zawo zambiri ku Malawi zinadzaiwala.

Msamuko wa Alomwe

Pamene Bandawe ankagwira ntchito ku Mozambique, anthu a mtundu wake ankalowera njira ina, kupita ku Nyasaland. Magulu ochepa anali atayamba kale kusamuka atsamunda asanabwere, koma msamuko waukulu unayamba cha mu 1900. Zifukwa zake zinali nkhondo za Apwitikizi zogonjetsa mafumu, msonkho wotoleredwa mwankhanza, ntchito yokakamiza m'minda ya makampani ndi m'misewu, komanso njala. Mabanja athunthu ankayenda usiku, atasenza mbewu ndi ziwiya, kulowera ku Mulanje kapena kuzungulira nyanja ya Chilwa.

Ku Nyasaland anapeza kuti malo ambiri achonde a m'mapiri a Shire anali kale m'manja mwa azungu ndi makampani monga A. L. Bruce Estates, British Central Africa Company ndi Blantyre and East Africa Limited. Eni maesiteti ankasowa antchito, makamaka nthawi ya dzinja pamene aliyense amafuna kulima munda wake. Obwerawo analoledwa kumanga nyumba ndi kulima pa esiteti, koma malipiro a malowo anali thangata: kugwira ntchito kwa mwini esiteti miyezi ingapo pa chaka. Mawu akuti thangata kale ankatanthauza kuthandizana pakati pa anthu a m'mudzi, koma pa maesiteti anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Munthu wobwera sakanatha kukana, chifukwa akathamangitsidwa analibe kwina kopita. Thonje ndi fodya wa ku Magomero komanso tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo zinakula ndi thukuta la anthu amenewa.

Ena anakakhala pansi pa mafumu a Chiyao ndi a Chimang'anja pa malo amene sanali a azungu. Mafumuwo ankawalandira chifukwa kuchuluka kwa anthu kunkakweza ufumu, koma obwerawo sankapatsidwa mawu pa zinthu za m'dera. Kalembera wa boma anasonyeza mmene chiwerengero chawo chinkakwerera: oposa 120,000 mu 1921, oposa 235,000 mu 1931, ndi pafupifupi 380,000 mu 1945. Pofika nthawi imeneyi Alomwe anali amodzi mwa mitundu ikuluikulu ya m'dzikoli, koma analibe malo awoawo okwanira, mafumu akuluakulu ovomerezeka ndi boma, ngakhale dzina lolemekezeka.

Kubwerera ku Blantyre

Bandawe anachoka ku Mihecani mu 1928. Nthawiyo boma la Apwitikizi, lomwe linasintha mu 1926, linali litayamba kukondera mishoni za Chikatolika ndi kuumiriza kuti sukulu ziziphunzitsa m'Chipwitikizi, zomwe zinkapanikiza mishoni za Chiprotestanti zochokera kunja. Patapita zaka zochepa mpingo wa Church of Scotland unapereka ntchito ya ku Ulomwe kwa amishoni ena.

Atafika ku Blantyre analowa ntchito ya boma m'nthambi ya zamalamulo, ngati kalaliki ndi womasulira pa Khoti Lalikulu. Oweruza ndi maloya a nthawi imeneyo anali azungu kapena amwenye ndipo milandu inkazengedwa m'Chingerezi, pomwe oimbidwa mlandu ndi mboni ankayankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe. Pa milandu ikuluikulu, monga ya kupha munthu, moyo wa woimbidwa mlandu unkadalira kwambiri kuti womasulira wamva bwino ndi kunena molondola. Bandawe anagwira ntchitoyi zaka zambiri, nakwezedwa mpaka kufika pa maudindo apamwamba amene munthu wakuda ankaloledwa kufikapo m'khotimo. Boma la Britain linamupatsa ulemu wa MBE.

Kunja kwa ntchito anali mkulu wa mpingo pa St Michael and All Angels ndipo ankadziwika m'tauni yonse. Analinso m'gulu la anthu ophunzira a mu Blantyre amene zokambirana zawo, motsogozedwa ndi James Frederick Sangala, zinabala chipani cha Nyasaland African Congress, chomwe chinachita msonkhano wake woyamba mu Blantyre mu October 1944, ndi Levi Mumba ngati pulezidenti.

Nkhani ya dzina

Kuyambira pamene anayamba kulowa m'dzikoli, Alomwe onse ankangotchedwa Anguru, m'kamwa mwa anthu ndi m'makalata a boma momwe. Olemba mbiri amasiyana maganizo pa chiyambi cha mawuwa, koma amagwirizana kuti ku Nyasaland anasanduka chitonzo. Kutchula munthu kuti Mnguru kunali kumunena kuti ndi wobwera, wosauka, wosadziwa kuyankhula bwino, woyenera ntchito zimene ena akuzikana. Anthu ankasekanso zakudya zawo ndi kamvekedwe ka chiyankhulo chawo.

Chitonzochi chinali ndi zotsatira zooneka. Makolo ambiri anasiya kuyankhula Chilomwe ndi ana awo poopa kuti akasekedwa kusukulu kapena kumsika. Amene anapita kukafuna ntchito ku Blantyre ndi ku Limbe, n'kukakhala m'malo ngati Ndirande ndi Bangwe, kawirikawiri ankadzitchula Anyanja kapena Ayao. Pamene boma linakhazikitsa ulamuliro wodzera mwa mafumu mu 1933, maudindo akuluakulu a m'maboma a kum'mwera anapita kwa mafumu a mitundu ina, ngakhale m'madera amene Alomwe anali ochuluka.

Bandawe, amene anali ndi udindo wolemekezeka ndipo akanatha kubisa mtundu wake monga ankachitira ena, anasankha kudzitchula Mlomwe poyera. Mu 1943 anayambitsa Lomwe Tribal Representative Association mu Blantyre. Bungweli linapempha boma kuti lichotse dzina la Anguru ndi kuika la Alomwe, limene eni ake ankalivomereza, ndiponso linkafuna kuti Alomwe azimvedwa pa nkhani za ufumu ndi za chitukuko cha madera awo. Boma linavomera za dzinalo, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1940 makalata a boma anayamba kulemba kuti Alomwe.

Kusinthaku kunachita zinthu ziwiri. Kunachotsa chitonzo m'mabuku a boma, ngakhale kuti m'kamwa mwa anthu chinatenga nthawi yaitali kuti chichepe. Kunasonkhanitsanso pansi pa dzina limodzi magulu amene ku Mozambique ankadziona ngati osiyana. Mmihavani, Mtakhwani ndi Mkokhola anayamba kudziona ngati anthu amodzi makamaka chifukwa cha zimene anakumana nazo limodzi ku Nyasaland: ulendo, thangata ndi kunyozedwa.

Buku la Memoirs of a Malawian

Atapuma pa ntchito, Bandawe anakhalabe mu Blantyre ndipo anali mmodzi mwa okalamba ochepa amene ankakumbukira mishoni ya nthawi ya Hetherwick. Ofufuza mbiri ankapita kukacheza naye. Mmodzi mwa iwo anali Andrew Ross, mbusa wa ku Scotland amene pambuyo pake analemba buku la mbiri ya Mishoni ya Blantyre.

Zokumbukira zake zinasindikizidwa mu 1971 ndi bungwe la mabuku a Chikhristu la CLAIM mu Blantyre. Amene anakonza bukuli ndi kulemba mawu oyamba anali Bridglal Pachai, mphunzitsi wa mbiri pa Chancellor College, yomwe nthawiyo inali ku Chichiri isanasamukire ku Zomba mu 1973. Pachai naye anali munthu wochoka kwawo: anabadwira ku Natal m'dziko la South Africa, m'banja la amwenye, ndipo anaphunzitsa ku Ghana ndi ku Malawi asanakakhazikike ku Canada.

Bukuli limatsata moyo wa mwini wake kuyambira ku Ulomwe, kudzera pa Mishoni ya Blantyre ndi ku Mihecani, mpaka pa ntchito ya boma ndi ya bungwe la Alomwe. Mbiri yambiri ya msamuko wa Alomwe inalembedwa ndi mabwanamkubwa, ma DC, eni maesiteti ndi amishoni, amene ankaona obwerawo ngati chiwerengero cha antchito kapena cha okhoma msonkho. M'buku la Bandawe wolankhula ndi Mlomwe mwini, wodziwa kumene anthuwo anachokera ndi chimene chinawachotsa.

Dzina la bukuli nalo lili ndi nkhani yake. Munthu wobadwira kutsidya kwa malire, wa mtundu umene kwa zaka zambiri unkatchedwa wobwera, akudzitchula Mmalawi patangopita zaka zisanu ndi ziwiri dziko litalandira ufulu mu 1964. Bukuli linalembedwa m'Chingerezi osati m'Chilomwe. Linatuluka pa nthawi imene boma la Hastings Kamuzu Banda linali litalamula, mu 1968, kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, ndipo ziyankhulo zina zinalibe malo pa wailesi, m'sukulu kapena m'nyuzipepala. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwanso lamulo lounika mabuku asanafike kwa anthu. Motero munthu amene anathandiza kuika Chilomwe m'buku anafotokoza mbiri ya moyo wake m'chiyankhulo cha atsamunda.

Bukuli pakati pa mabuku ena a ku Malawi

Kuchoka kwawo ndi kukumbukira kwawo ndi mitu imene imapezeka kawirikawiri m'mabuku oyambirira a Amalawi, a nkhani zopeka ndi a nkhani zoona omwe. M'buku la Nthondo la Samuel Josia Ntara, lomwe linatuluka mu 1933, mnyamata wa m'mudzi wa Achewa apita kukagwira ntchito ku Halale, kenako abwerera kwawo kumene adzakhala mfumu. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anatsogolera bungwe la antchito la ICU ku South Africa, anasiya mbiri ya moyo wake yomwe inasindikizidwa mu 1970 iye atamwalira kale. Legson Kayira, m'buku la I Will Try la mu 1965, anafotokoza ulendo wake wapansi wochoka kumpoto kwa Nyasaland pofuna maphunziro ku America, ndipo pambuyo pake analemba nkhani zopeka za moyo wa kumudzi ali ku England.

Mabuku onsewa amanena za munthu wochoka m'Malawi kupita kunja, nkhani imene Amalawi amaidziwa bwino kudzera m'mawu akuti matchona. Buku la Bandawe limaonetsa mbali ina: Malawi ngati dziko lofikirako, kumene anthu othawa mavuto anadzapempha malo. Kwawo kwa wolembayo kuli kutsidya kwa malire, ndipo Blantyre ndiwo mudzi wachilendo umene unasanduka kwawo.

Palinso mabuku a mbiri za mitundu olembedwa ndi eni ake. Yohanna Abdallah analemba Chiikala cha Wayao mu 1919, Yesaya Chibambo analemba za Angoni a kumpoto, ndipo Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940. Mabuku amenewa amafotokoza maufumu, mibadwo ya mafumu ndi maulendo akalekale. Alomwe, amene analibe ufumu umodzi ndipo msamuko wawo unali waposachedwa, analibe buku lodziwika la mtundu umenewu. Mbiri ya munthu mmodzi inagwira mbali ya ntchito imeneyo. Ofufuza amene anadza pambuyo anapitiriza nkhaniyi: Robert Boeder analemba Silent Majority, mbiri ya Alomwe a ku Malawi, mu 1984, ndipo Landeg White analemba Magomero mu 1987, kufotokoza za midzi ya pa esiteti ya Bruce ndi anthu ake.

Banja

Mkazi wake anali Grace Bandawe, amene anadziwika pa ntchito ya amayi mu mpingo. Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP inatcha dzina lake malo ochitirako misonkhano ndi ogona alendo a Grace Bandawe Conference Centre, omwe ali pafupi ndi mishoni mu mzinda wa Blantyre. Anthu ambiri a mumzindawu lero amalidziwa dzina la Bandawe kudzera pa malo amenewa.

Zimene anasiya

Dzina limene Bandawe analimenyera linakhazikika. Lero boma, sukulu ndi nyuzipepala zimalemba Alomwe kapena Alhomwe, ndipo mawu akale aja amaonedwa ngati kutukwana. Pa kalembera wa 2018, Alomwe anali 18.9 peresenti ya anthu a m'Malawi, mtundu wachiwiri pa kuchuluka pambuyo pa Achewa.

Chiyankhulo sichinayende mwa njira yomweyo. Pa kalembera wa 1998, anthu 2.4 peresenti okha ndi amene ananena kuti Chilomwe ndicho amayankhula kwambiri pakhomo. Alomwe ambiri a mu Blantyre, Limbe, Chiradzulu ndi Thyolo amayankhula Chichewa, ndipo Chilomwe chimamveka makamaka kwa okalamba ndi m'midzi ya m'malire ku Phalombe ndi Mulanje. Ku Mozambique, kumene Chipangano Chatsopano chija chinamasuliridwira, Chilomwe chikadali chimodzi mwa ziyankhulo zokhala ndi anthu ambiri.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, wailesi ya MBC inayamba kuwulutsa nkhani m'Chilomwe mu 1996. Bungwe la Mulhako wa Alhomwe, lomwe linakhazikitsidwa mu nthawi ya pulezidenti Bingu wa Mutharika ndipo linachita mwambo wake woyamba pa Chonde ku Mulanje mu October 2008, limasonkhanitsa anthu chaka ndi chaka kudzaonetsa magule, zakudya monga kalongonda, ndi kulimbikitsa chiyankhulo. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika gule wa tchopa pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Ena amadzudzula kuti mabungwe a mitundu amasakanikirana ndi ndale za zipani, pomwe ena amati akubwezeretsa ulemu umene unatayika. Ofufuza za mbiri ndi ziyankhulo akamalondola chiyambi cha ntchito yodzutsa Ulomwe m'Malawi, kawirikawiri amayambira pa bungwe la 1943 ndi pa Bandawe.

Njira imene iye anadzera ali mnyamata mu 1899 inadzadutsanso anthu ena. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, anthu othawa kwawo amene analandiridwa m'Malawi anakwana pafupifupi miliyoni imodzi pofika mu 1992, chaka chimene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome. Ambiri mwa amene anafikira ku Mulanje anapeza kutsidya kuno anthu a mfunda zawo ndi a chiyankhulo chawo, zidzukulu za amene anasamuka m'masiku a Bandawe.